Musatiphikire Phunziro la Kugawana Muli M'hotela

Pali uthenga watsopano umene ukuyenda pakati pa aphunzitsi, alembi ndi oimba m'dziko muno, ndipo alaliki ake ndi anthu ophunzira bwino, olankhula mwaulemu, oyenda ndi kompyuta m'chikwama. Uthengawo ukuti tsegulani ntchito zanu. Ngati mwalemba buku, mwapeka nyimbo kapena mwajambula chithunzi, ikanipo chilolezo chotseguka kuti wina aliyense athe kukopera, kugawa ndi kumasulira popanda kudzagogoda pakhomo panu. Ndineneretu pano, kuti wina asadzandinamizire mawa, kuti uthengawu ine ndikugwirizana nawo. Chimene ndikukana kwamtuwagalu ndi momwe ukuphunzitsidwira. Phunziro lokhudza thukuta la munthu silingakonzedwe mwini thukutayo ali panja. Likakonzedwa motero, ngakhale cholinga chake chiyere bwanji, limasanduka msampha.

Tiyambe tamasula mtolowu, poti ambiri amene amaukamba amaukamba m'Chingerezi ngati akubisira ana. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso, lija tidali nalo la 1989 komanso lino la 2016, limati munthu akangolemba ndakatulo kapena kupeka nyimbo, ntchitoyo ndi yake. Wofuna kuisindikiza, kuimasulira m'chilankhulo china kapena kuiulutsa pa wailesi ayenera kupempha kaye, kupatula m'timipata tochepa timene lamulo lidasiyira maphunziro ndi zina zotero. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama m'malo mwa eni ntchito amene adalembetsa kumeneko.

Mu 2001 ku America kudabadwa bungwe la Creative Commons, mmodzi mwa oliyambitsa ali mphunzitsi wa zamalamulo, Lawrence Lessig, ndipo mu Disembala 2002 lidatulutsa zilolezo zake zoyamba. Nzeru yake ndi yapafupi. M'malo moti anthu chikwi abwere mmodzimmodzi kudzapempha, mwini ntchito amaneneratu pachikuto zimene walola. Umwini sautaya ayi, amangotsegula chitseko n'kuika malire. Malirewo alipo anayi, ndipo amalembedwa ndi zilembo ziwiriziwiri. BY akutanthauza kuti gwiritsa ntchito koma unditchule dzina. SA akuti ukasintha ntchito yanga, chimene wapangacho uchitsegulenso momwe ndidatsegulira ine. NC akuti usachitire malonda. ND akuti gawa momwe ilili, zosinthidwa usagawe. Posakaniza malire amenewa pamatuluka zilolezo zisanu ndi chimodzi, ndipo zonse zili ndi BY. Palinso CC0, imene idabwera mu 2009, yoti munthu amasiyiratu ntchito yake pabwalo osasunga kanthu. Basi. Nkhani yonse imene anthu amalipirira zipinda za kunyanja masiku atatu ndi imeneyi.

Zoti chinthu chimenechi tikuchifuna, palibe angatsutse. Pamene sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo mabuku akhala akuthamangira ana osawapeza. Pitani ku sekondale yoyendera ya kumudzi mukaone ana ataunjikana pa buku limodzi ngati nkhuku pa gaga. Funsani mphunzitsi wa Chichewa kuti mabuku a alembi athu akale, a Ntara, a Gwengwe, a Chadza, amawapeza kuti akafuna kuti ana awerengeko zoposa za pa silabasi. Pa intaneti ndiye pali manyazi enieni. Wikipedia, imene imayendera chilolezo cha BY ndi SA, ili ndi nkhani zosafika 2,000 m'Chichewa, pamene ya Chingerezi idapyola 6 miliyoni kalekale. Chilankhulo cholankhulidwa kuchokera ku Chipata mpaka ku Tete chikuoneka kumeneko ngati cha mudzi umodzi.

Komatu kugawana kukuchitika kale, usana ndi usiku, popanda wopempha kapena wololeza. Manotsi a mphunzitsi wa ku Ntcheu akuyenda pa WhatsApp mpaka ku Karonga, dzina lake litafufutidwa, lina litalembedwa pamwamba. Mnyamata wa pa kabenchi kamsika akubenera anthu nyimbo m'mamemore khadi pa mtengo wa mandasi angapo. Makina a fotokope a pafupi ndi makoleji athu sazizira. Choncho Amalawi sakusowa wowaphunzitsa kugawana. Chimene akusowa ndi njira yogawana imene imasiya dzina la mwini ntchito pamalo pake, imene imamuuza mphunzitsi zimene angachite mopanda mantha, ndiponso imene imamusiyira wopeka mpata wodya. Zilolezo zotseguka zitha kukhala njira imeneyo ngati anthu atazimvetsa. Funso ndi lakuti azimvetsa bwanji, ndipo akonze phunzirolo ndani.

Misonkhano yophunzitsa zimenezi ndakhalapo, choncho sindikunena za m'maluwa. Kalata yoitanira imafika kwa akuluakulu a m'maofesi, iwo n'kusankha anthu oti akaimire. Mlendo amaimirira kutsogolo, n'kumaonetsa pakhoma zilembo zimene adazikonzera kwawo, zimene dzana adaonetsanso m'dziko lina ndipo mkuja akaonetsa kwina. Zitsanzo zake ndi za asayansi a m'mayunivesite olemera, anthu amene malipiro awo amalowa ku banki kaya buku lagulitsidwa kaya ayi. Nthawi ya mafunso ikakwana, tiyi amakhala atafika. Tsiku lomaliza aliyense amasaina alawansi, amalandira setifiketi, amajambulitsa chithunzi pa masitepe, ndipo lipoti limapita kwa opereka ndalama lonena kuti anthu aphunzitsidwa. Mlendoyo sindikumuda ayi, mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko akumeta nako mpweya, poti mitu yofunika kumetedwa sinaitanidwe. M'chipindamo mulibe woimba wa kumaukwati, mulibe mayi wolemba timasewero ta pa wailesi, mulibe mphunzitsi wa Sitandade 2, mulibe mnyamata wa pa kabenchi uja.

Chimene chimandiwawa koposa ndi kachiganizo kamene kamatuluka pafupifupi nthawi zonse pa misonkhano yotere, kakuti inu Aafirika kugawana ndi chikhalidwe chanu, nthano zanu zidalibe mwini, choncho zimenezi si zachilendo kwa inu. Anthu amaomba m'manja. Ine ndikamva mawu otsekemera chotere ndimagwira thumba langa, chifukwa ndimakumbuka liwu limodzi la m'chilankhulo chathu chomwechi, liwu lakuti thangata.

Thangata poyamba adali mawu abwino. Kuthangata kudali kuthandizana, monga momwe anthu amachitira pa dima, lero kumunda kwanga, mawa kwako, thobwa lili pamthunzi. Azungu a minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire adatenga liwu lomwelo n'kulivala ngati malaya. Munthu wokhala pa malo amene mzungu adawatcha ake adayenera kugwira ntchito m'munda wa bwanayo m'malo mwa lendi, nthawi zambiri m'nyengo ya dzinja pamene munda wake womwe umafuna khasu. Mwezi wa pa pepala unkatha kutalika malinga ndi mtima wa kapitawo. Nkhanza za thangata ku minda ya A. L. Bruce ku Magomero zidali zina mwa zimene zidautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915, ndipo mchitidwewu udathetsedwa mwalamulo mu 1962. Onani bwino apa, abale anga. Liwu silidasinthe, lidali la kuthandizana lomwe lija. Chidasintha ndi chakuti malamulo a kuthandizanako ankalembedwa ndi mbali imodzi yokha. Dima limasiyana ndi thangata wa atsamunda pa chinthu chimodzi: pa dima onse olima adakhala pansi n'kugwirizana.

Sindikunena kuti a Creative Commons ndi atsamunda, ndipo wondimva motero wandimva dala molakwika. Zilolezo zawo n'zaulere, sakakamiza munthu, ndipo zidalembedwa poyera. Ndikunena kuti munthu wosauka akauzidwa kuti apereke thukuta lake m'dzina la umunthu, wouzayo ali pa malipiro, ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira mafunso. Oimba athu amadziwa nkhani ya Solomon Linda wa ku South Africa. Mu 1939 adajambula nyimbo yake ya Mbube ku Johannesburg, ndipo umwini wake udapita ku kampani ya Gallo pa ndalama zochepa kwambiri. Nyimboyo idaoloka nyanja, idasinthidwa dzina, mu 1961 idamveka dziko lonse ngati The Lion Sleeps Tonight, ndipo mu 1994 idalowa m'filimu ya The Lion King. Linda adamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo ana ake adayamba kuona phindu lenileni atagwirizana ndi eni nyimboyo kunja kwa khoti mu 2006. Linda sadapwetekedwe ndi chilolezo chotseguka, poti nthawiyo kudalibe. Adapwetekedwa ndi pepala limene mphamvu yake palibe adamufotokozera. Ndiye lero tibwere ndi pepala lina, tilifotokozenso mwachidule m'Chingerezi tiyi akuzizira, n'kumati tikuwamasula anthu? Zoona?

Nakonso kunena kuti kwathu kuno zonse zidali za aliyense ndi bodza la masana. Makolo athu adali ndi bwalo, adalinso ndi dambwe. Zovinidwa pabwalo aliyense amaonera, mwana ndi mlendo yemwe, koma za kudambwe saulula. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, koma ulemu umenewo sudatsegule dambwe. Malangizo a kutsimba ali ndi eni ake, namkungwi amadziwa woyenera kumva ndi wosayenera. Sing'anga amakupatsa mankhwala koma mtengo umene adakumba sakuonetsa. Ngakhale nyimbo ya pamtondo, akazi a m'mudzi amadziwa kuti adaipeka ndi Nangozo pamene mwamuna wake adakakhalitsa ku Joni. Ndiye kuti nzeru yosiyanitsa chotseguka, chotsekedwa ndi chotsegulidwa mwa malire tili nayo kale, ndipo ndi yozama kuposa zilembo zinayi zija. Mphunzitsi wanzeru akadayambira pamenepo, pa bwalo ndi dambwe. Koma angayambire bwanji pamenepo munthu amene sadafunse? Safunsa adadya phula.

Palinso mfundo ya lamulo imene sindidaimvepo ikutchulidwa pa misonkhano imene ndakhalapo. Lamulo lathu limati umwini wa nthano, magule ndi nyimbo za makolo uli m'manja mwa Boma, m'malo mwa anthu a Malawi, mpaka kalekale. Tanthauzo lake n'lakuti mnyamata wachangu amene wajambula agogo ake akusimba nthano ya Kalulu sangangodzuka n'kuika CC0 pa nthanoyo ngati kuti adaipeka yekha. Munthu umatsegula chitseko cha nyumba yako, cha eni ake ayi. Zimenezi m'zilembo zokonzedwa kunja simungazipeze, chifukwa malamulo a maiko ambiri a kumeneko amaona nthano zakale ngati zopanda mwini. Phunziro limene silidutsa m'manja mwa loya wa kuno ndi mfumu ya kuno likhoza kuphunzitsa ana athu kuswa lamulo akumwetulira.

Tsono tiyeni tione zinthu zimene phunziro loona mtima liyenera kunena mokweza, zimene alaliki ambiri amazinong'ona kapena kuzilumpha. Chachikulu n'chakuti chilolezo cha Creative Commons sichibwezedwa. Mukaika BY pa buku lanu lero, mawa mutha kusiya kuligawa, koma aliyense amene adalipeza kale ali ndi ufulu wopitiriza kulikopera ndi kuligawa. Madzi akatayika sawoleka. Ngati mudaika BY yekha, wosindikiza wa ku Lusaka kapena ku London atha kulisindikiza, kuligulitsa ndi kusunga phindu lonse, bola watchula dzina lanu, ndipo sadalakwe. Munthu amene wamva zimenezi n'kuvomera ndi mtima wake wonse, ameneyo wapereka mphatso, ndipo ndimamuvulira chipewa. Amene sadauzidwe, ameneyo waberedwa mwaulemu.

Wina anena kuti ndiye tonse tiike NC, nkhani yatha. Sinathetu. Kodi malonda amayambira pati? Mphunzitsi wa sukulu yolipira akachita fotokope ndakatulo yanu n'kugawira ana, ndi malonda? Nanga mayi wa fotokope pamsika, amene amalipiritsa pepala ndi inki, koma ndiye yekhayo amene angafikitse bukulo kwa mwana wa ku Nsanje? M'dziko limene bandulo ya intaneti imadya ndalama ya ndiwo, buku limafika kumudzi kudzera mwa munthu wolipiritsa kenakake. Mukamutsekera ameneyo ndi NC, mwatsegulira ana a ku Area 10 okha. Komanso nkhani ya NC singalowe mu Wikipedia. Mayankho a mafunso amenewa sali m'buku lililonse lochokera kunja. Ali m'mitu ya mayi wa fotokope uja ndi mlembi, atakhala pa mkeka umodzi.

Kwa oimba kuli mfundo ina yomata. Woimba amene adalembetsa ku bungwe lotolera ndalama adalipatsa bungwelo mphamvu pa nyimbo zake. Kodi atha kutembenuka n'kuuza dziko kuti imbani mwaulere? Vutoli si la Malawi yekha. Ku Netherlands, mu 2007, bungwe la oimba la Buma/Stemra lidakhala pansi ndi a Creative Commons a m'dzikomo n'kuyesa njira yoti mamembala azitha kugawa nyimbo zawo pa zilolezo za NC, bungwe likupitiriza kutolera kwa ochita malonda. Adakambirana, adayesa, adaona zovuta zake. Kuno phunziro la oimba lokonzedwa popanda COSOMA ndi oimba eni ake m'chipindamo ndi kungowatumiza anthu kukagundana ndi khoma. Ndipo masiku ano pabweranso nkhani ya makampani a makompyuta oganiza, amene amakokolola zolembedwa pa intaneti kuti aphunzitsire makina awo. Ngati kutero kumafuna chilolezo kapena ayi, makhoti a m'maiko ena akadalimbana nazo. Mlembi wa Chichewa ayenera kuuzidwa zimenezi asanasankhe. Ena adzakondwa kuti chilankhulo chathu chilowe m'makinawo, ena adzakana. Onse awiri ali ndi ufulu, bola asankhe maso ali otsegula.

Tsopano nditembenukire kwa anzanga a mbali inayo, amene akamva liwu loti kutsegula amagwira chibonga. Iwo amati zonsezi ndi umbava wovala tayi, ndipo mlembi weniweni satsegula kanthu. Achimwene, tanenani zoona, buku lanu lija lidatuluka zaka khumi zapitazo, limene makope ake ali m'katoni kunsi kwa bedi akudyedwa ndi chiswe, loko wake wakupindulirani zingati? Ndakatulo zimene mudazitsekera m'kabati kudikira wosindikiza amene sadzabwera, akuziwerenga ndani? Mdani wamkulu wa mlembi wa Chichewa ndi kusawerengedwa. Pali ntchito zina zoyenera kutsekedwa chifukwa zikudyetsa ana, ndipo palibe ayenera kukuchititsani manyazi pa zimenezo. Koma pali zina zimene moyo wake uli m'kuyenda: buku la ana oyamba kuwerenga, malangizo a ulimi, uthenga wa zaumoyo, manotsi a masamu. Makamaka zimene zidalembedwa ndi ndalama za misonkho yathu kapena za opereka thandizo, zimene wolemba adalipidwa kale, n'chifukwa chiyani mwana wa wokhoma msonkho azipemphanso chilolezo kuti aziwerenge? Kupatsa n'kuika. Kukana kumva n'komwe za zilolezozi ndi ulesi womwe uja wa alaliki a m'hotela, wangovala malaya ena.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti njira yabwino idaonekapo kale, ndipo ina idaonekera konkuno. Cha m'ma 2009, aphunzitsi a ku Bunda, nthawiyo ili koleji ya University of Malawi, adasowa buku lokwanira ophunzira onse a chaka choyamba pa phunziro la luso la kulemba ndi kulankhula. Mothandizidwa ndi a OER Africa, adasonkhanitsa zolembedwa zotseguka za kwina, adazisefa, adazisintha kuti zigwirizane ndi ophunzira awo, n'kutulutsa buku lawolawo pa chilolezo cha Creative Commons. Ku Kamuzu College of Nursing nako adachita zofanana ndi maphunziro a uzamba. Anthu amenewa za zilolezo adaziphunzira manja ali m'ntchito, chifukwa tsamba lililonse limene ankafuna kubwereka linkawafunsa kuti mwini wake walola chiyani.

Ku South Africa, ophunzira a pa University of Cape Town adayamba mu 2002 kulemba pamodzi mabuku aulere a sayansi ndi masamu a ku sekondale. Ntchitoyo idakula n'kukhala Siyavula, ndipo boma la dzikolo lidasindikiza makope mamiliyoni n'kugawa m'sukulu. Koma tisaiwale kuti kumbuyo kwake kudali thumba la Shuttleworth Foundation. Chaulere kwa wowerenga chimakhala kuti wina adalipira. African Storybook, imene bungwe la Saide lidatsegula mu 2014, ili ndi timabuku ta ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe, ndipo mphunzitsi atha kutenga nthano ya ku Uganda n'kuimasulira yekha. Mu 2013 a Creative Commons ndi a Peer 2 Peer University adayambitsa School of Open, imene maphunziro ake ankakonzedwa ndi anthu odzipereka atakhala pamodzi, wina kulemba, anzake kuyesa ndi kudzudzula. Pambuyo pake a Peer 2 Peer University adaona kuti munthu payekha pa kompyuta amagwa ulesi, ndipo mu 2015 adayamba timagulu tokumana maso ndi maso m'malaibulale a ku Chicago, njira imene idafikanso m'malaibulale a ku Kenya. Ponseponse pamene zidayenda, ophunzira adali nawo pokonza, ndipo pamapeto padatuluka chinthu chogwirika.

Ndiye ine ndikuti tichite chonchi. Phunziroli lichoke kunyanja lipite kumene kuli anthu: ku ma TDC kumene aphunzitsi a m'zoni amakumana kale, ku nthambi za National Library Service, ku magulu omvera wailesi za m'madera, ku misonkhano ya alembi ndi oimba. Tsiku loyamba pasakhale wophunzitsa. Pakhale kufunsa basi. Mphunzitsi anene chimene chimamuopsa akafuna kukopera tsamba. Woimba anene kumene ndalama yake imachokera, kaya ndi pa wailesi, pa ukwati kapena pa pulatifomu, chifukwa amene amadya za pa pulatifomu atha kupindula nyimbo yake ikamayenda mwaulere, pamene wopeka amene saimba pagulu atha kugona ndi njala. Mnyamata wobena nyimbo anene zimene makasitomala ake amafuna. Inde, ameneyonso aitanidwe, ngakhale ena mukwinye nkhope, poti ndiye laibulale yeniyeni ya m'tauni zathu zing'onozing'ono. Gogo wosimba nthano ndi mfumu anene za pabwalo ndi za kudambwe. Loya akhalepo kuti aziyankha akafunsidwa. Phunziro limangidwe kuchokera pa mafunso amenewo.

Mawu ake tiwasule pamodzi. Mpaka lero tilibe liwu limodzi logwirizana la chinthu chimenechi. Ine pano ndalemba kuti chilolezo chotseguka, koma mwina amayi a ku Mchinji ali ndi liwu labwino kuposa limeneli, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba atha kuthandiza kusefa. Zikatero zipitenso m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena. Liwu limene silingamveke pa wailesi kwa munthu amene akupalira, litayidwe. Kenaka gulu lililonse lipange chinthu chenicheni: aphunzitsi kabuku ka Sitandade 1, alimi kapepala ka kasungidwe ka chimanga, achinyamata nkhani ya boma lawo pa Wikipedia. Asankhe okha chilolezo, akangane, afotokoze chifukwa chake. Ndipo mayeso a phunzirolo akhale awa: kodi wophunzirayo atha kunena molimba mtima kuti ntchito iyi ndikutsegula, koma iyi ayi? Phunziro limene aliyense amatuluka akuti inde ndi ulaliki chabe. Munthu amene wamvetsa bwino n'kukana, ameneyonso wakhoza.

Za ndalama tisachite nazo manyazi. Ndalama imene ikadalipira zipinda ndi mafuta a magalimoto ilipire nthawi ya anthu amene akukonza phunziroli, chifukwa nzeru za mayi wa fotokope ndi ntchito ngati momwe zilili za katswiri wochokera kunja. Maina awo onse alembedwe pachikuto. Zingakhale zoseketsa kuphunzitsa BY m'buku limene eni nzeru zake sadatchulidwe. Ndipo bukulo likhale lotseguka, kuti a ku Chipata ndi a ku Angónia alitenge, alisinthe mogwirizana ndi malamulo a kwawo, atibwezere litakula.

Ndikudziwa chimene a mapulojekiti anene. Ati njira imeneyi ndi yochedwa, opereka ndalama amafuna chiwerengero cha ophunzitsidwa pofika mwezi wakutiwakuti. N'zoona, ndi yochedwa. Denga limachedwa kukwera chifukwa mutu umodzi sulisenza, umayenera kudikira anzako. Koma maiko a mu UNESCO, Malawi ali momwemo, adagwirizana mu Novembala 2019 kuti alimbikitse zipangizo zophunzirira zotseguka, kuphatikizapo za m'zilankhulo za anthu eni ake, ndi kuwapatsa anthu luso lozipanga ndi kuzisintha. Luso limeneli silingayezedwe ndi kuchuluka kwa masetifiketi. Liyezedwa tsiku limene mphunzitsi wa ku Ntcheu uja adzaone manotsi ake ku Karonga dzina lake lili pomwepo, mnzake atawonjezerapo zitsanzo za mpunga, onse awiri akudziwa kuti palibe waba.

Kwa inu a mabungwe amene mukulemba kale kalata zoitanira msonkhano wotsatira, pempho langa ndi laling'ono. Musanalipire hotela, werengani maina amene mwaitana, ndipo mudzifunse kuti mwa anthu amenewa ndi angati amene mphika wawo udzasinthe chifukwa cha zimene zikakambidwe. Mukapeza kuti palibe, ng'ambani kalatayo muyambirenso. Ndipo kwa inu alembi, oimba ndi aphunzitsi anzanga, akakuitanani pitani, koma musakangokhala duu kudikira alawansi. Kafunseni kuti ndikatsegula ndidya chiyani, ndikasintha maganizo zidzatha bwanji, nanga phunziroli adakonza ndani. Akakuyankhani bwino, gwirani khasu mulime nawo, limenelo ndi dima. Akayamba kukuuzani za umunthu wa makolo anu m'malo moyankha, nyamulani zolemba zanu muzipita.